Timaluwa ta M'mapiri Tosonkhanitsa Anthu ku Dunblane

Mwezi wa February ku Scotland kunja kumacha mochedwa, mitengo imakhala yopanda masamba, ndipo m'minda yambiri simuoneka duwa ngakhale limodzi. Koma m'tauni yaing'ono ya Dunblane, kufupi ndi mzinda wa Stirling, tsiku lina la mwezi umenewu kumafika anthu ochokera kutali atanyamula makatoni a miphika. Amalowa nawo mu holo ya Victoria Hall n'kuyamba kuyala pamatebulo. Ikamakwana nthawi yotsegula zitseko, m'holomo mumakhala muli mbuu ndi timaluwa toyera, tachikasu ndi tabuluu, tambiri mwa ito tosapitirira chala kutalika.

Ndi tsiku la maluwa oyambirira kuphuka, lomwe amakonza ndi a bungwe la Scottish Rock Garden Club. Bungweli linayamba mu 1933, patangopita zaka 4 chikhazikitsireni linzake la ku England lotchedwa Alpine Garden Society. Mamembala ake si akatswiri a kuyunivesite okhaokha ayi. Ambiri ndi anthu wamba, ena opuma pantchito, amene mtima wawo unagwa pa zomera za m'mapiri ataliatali, makamaka zija zimene zimasunga moyo wake m'kaanyezi kapena m'kambatata pansi pa nthaka.

Tayang'anitsitsani mphika umodzi. Ndi wadothi, wotsukidwa bwino, pamwamba pake athirapo timiyala tosalala kuti madzi asadikhe pakhosi pa mbewu. M'katimo mwatuluka timaluwa ta Iris 'Katharine Hodgkin', tabuluu wotuwira, tokhala ndi timizere ndi timadontho takuda pa kachigamba kachikasu. Duwali linabadwa m'ma 1950, pamene E. B. Anderson anakwatitsa mitundu iwiri, umodzi mwa iyo ndi Iris winogradowii wa m'mapiri a Caucasus, amene kwawoko ndi wosowa kwambiri. M'mphepete mwa mphikawo mwazikidwa kachikwangwani kolembedwa dzina la mbewuyo, ndipo pa miphika ina amalembaponso chaka chimene njere inafesedwa. Anthu amawerama n'kumawerenga timapepalati mofatsa, ena atagwada kumene kuti aone m'kati mwa duwa lozyolika.

Munthu angaganize kuti mdani wa zomera zimenezi ku Scotland ndi chisanu. Si choncho. Chimene chimazipha ndi mvula. Zambiri kwawo ndi ku Turkey, ku Iran, ku Greece ndi m'mapiri a pakati pa Asia, kumene nyengo yozizira yonse zimagona zouma pansi pa chipale chofewa. Chipalecho chikasungunuka zimamwa madziwo, n'kuphuka mothamanga, n'kubereka njere m'masabata ochepa, kenako masamba n'kufota. Chilimwe chonse kaanyezi kamakhala phee m'dothi lotentha ndi louma. Ku Scotland mvula siona nyengo, choncho kaanyezi kosiyidwa pamtetete kamaola kasanathe chaka.

N'chifukwa chake olima ake amamanga tinyumba tagalasi topanda chotenthetsera chilichonse, mazenera ake ali pululu usana ndi usiku, ntchito yake kungotchinga mvula basi. Dothi amasakaniza ndi timiyala tambiri ndi mchenga kuti madzi azidutsa msanga. Miphika amaikwirira mumchenga mpaka m'khosi kuti mizu isatenthedwe kapena kuuma ndi chisanu. Madzi oyamba amathira cha mu September, kutsanzira mvula ya kwawo kwa mbewuzo, ndipo masamba akayamba kufota amasiyiratu kuthirira. Pamwamba pa zonsezi pali mbewa, zomwe zimakonda kufukula tianyezi ta crocus, ndi ntchentche ina imene mphutsi yake imaboola anyezi wa narcissus n'kumudya m'kati, mwini wake n'kudzapeza chikhungwa chokha. Munthu wofesa njere ya crocus amadikira zaka 3 kapena 4 asanaone duwa. Wa Fritillaria akhoza kudikira mpaka zaka 7.

Pa maluwa onse a mwezi uno, limene limapengetsa anthu ndi snowdrop, lija akatswiri amati Galanthus. Ndi kaduwa koyera kozyolika, kokhala ndi kachidindo kobiriwira m'kati. Kutchire kuli mitundu pafupifupi 20 yokha, koma olima anasankhamo ndi kutcha mayina mitundu yopitirira 1,000, yosiyana pa zinthu zimene mlendo sangazione: kachidindo kachikasu m'malo mwa kobiriwira, kapena kam'mbali kotambalala pang'ono. Mu 2012 kampani ya Thompson & Morgan inagula kaanyezi kamodzi ka 'Elizabeth Harrison', kamene kanapezeka m'munda wina ku Perthshire, pa mtengo wa mapaundi 725. Mu 2015 kena kotchedwa 'Golden Fleece', ka Joe Sharman wa ku Cambridgeshire, kanagulidwa mapaundi 1,390, ndipo mu 2022 'Golden Tears' wa mkulu yemweyo anafika mapaundi 1,850.

Nkhani za mitengo yotereyi ndi zimene manyuzipepala amathamangira, koma kwa ine chofunika ndi chimene chimachitika pambuyo pake. Kaanyezi kodulako sikakhala kokha nthawi yaitali. Wolima amakatsuka, n'kukadula ndi lezala loyera m'tizidutswa tambirimbiri, kalikonse kali ndi kachigawo ka tsinde la pansi pomwe pamatuluka mizu. Tizidutswato amatiika m'kathumba ka pulasitiki momwe muli vermiculite wonyowa pang'ono, n'kusunga pamalo amdima ofundirako kwa masabata pafupifupi 12. Pakati pa timakoko ta tizidutswato pamatuluka tianyezi ting'onoting'ono ngati njere za mpunga. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi tayamba kuphuka, ndipo chimene chinali cha munthu mmodzi chafika m'minda yambiri, mtengo wake n'kutsika chaka ndi chaka. Mwambo wa anthuwa ndi woti ukakhala ndi mbewu yosowa, upatseko mnzako, kuti yako ikadzafa udziwe kokapempha.

Sikuti mbiri ya ntchitoyi ndi yoyera yokhayokha. Mphoto yaikulu ya bungwe la ku Scotland ili m'dzina la George Forrest, mbadwa ya ku Falkirk amene anayenda maulendo 7 ku Yunnan ku China kukatola zomera, n'kukamwalira komweko mu 1932. Ya ku England ili m'dzina la Reginald Farrer, amene anafera m'mapiri a ku Burma mu 1920. Amenewa ankatola makamaka njere ndi zitsanzo zouma, koma chilakolako chimene chinadzuka ku Ulaya chinabweretsa amalonda okumba ndi makasu. Pofika m'ma 1980, tianyezi mamiliyoni ambirimbiri ta snowdrop ndi cyclamen tinkakumbidwa m'mapiri a ku Turkey chaka chilichonse, anthu a m'midzi akulandira ndalama zochepa kwambiri. Kuyambira 1990 malonda a Galanthus yense ali pansi pa pangano la CITES loyang'anira malonda a zomera ndi nyama pakati pa mayiko, ndipo sungadutse naye malire popanda chilolezo. Ngakhale zili choncho, dziko la Georgia limaloledwabe kutumiza kunja tianyezi ta kutchire ta Galanthus woronowii tokwana 15 miliyoni pachaka.

Palibe mbewu imene imaonetsa mbali zonse ziwirizi kuposa Tecophilaea cyanocrocus, kaduwa ka ku Chile kabuluu wowala moti ena akakaona koyamba amayesa n'kopanga. Kwawo ndi m'mapiri a Andes kufupi ndi Santiago. Okumba anakatumiza ku Ulaya mosaleka, ziweto n'kumadya kotsala, mpaka m'ma 1950 akatswiri anati kanatha psiti kutchire. Kwa zaka pafupifupi 50 kankadziwika m'miphika mokha, m'manja mwa anthu onga awa a ku Dunblane, amene ankakagawana ndi kukachulukitsa. Mu 2001 kanapezekanso kutchire, kum'mwera kwa Santiago. Dzanja limene linakakumba ndi limene linakasunga ndi la anthu a mtima umodzi, ndipo ndiona kuti n'koyenera kuti mamembala a lero azinena zonse ziwiri poyera.

Wowerenga wa kuno kwathu sangalephere kukumbukira chikanda, chimene ena amati chinaka. Nachonso chimachokera ku timbatata ta maluwa a m'mapiri ndi m'madambo, a mtundu wa orchid, ndipo kukumba kwake kwakula kwambiri pa Nyika, ku Zambia ndi ku Kitulo ku Tanzania chifukwa cha msika wa m'matauni. Kumeneko n'chakudya ndi ndalama ya pakhomo, osati chokongoletsa, koma kambatata kakazulidwa mbewu yonse yapita chimodzimodzi. Kuchulukitsa orchid n'kovuta kuposa snowdrop, poti njere zake n'zonga fumbi ndipo sizimera popanda nkhungu ina ya m'nthaka. Akatswiri a ku Kew ku London ndi a Copperbelt University ku Kitwe anayesapo njira zomeretsera mbewuzi kuti anthu azidzalima okha.

Ku Dunblane, anthu akatha kumvera okamba nkhani ndi kugula miphika kwa a nazale, zokambirana zimatembenukira ku njere. Mabungwe awiri onsewa ali ndi ndondomeko yosinthana njere chaka chilichonse. Mamembala a m'mayiko osiyanasiyana amakolola m'minda mwawo, n'kupeta, n'kutumiza m'timaenvulopu tolembedwa dzina. Anthu ongodzipereka amagawa njerezo m'timapaketi, ndipo kumapeto kwa chaka kumatuluka mndandanda wa mayina masauzande angapo. Amene anatumiza njere ndiye amayamba kusankha, komanso amapatsidwa timapaketi toonjezera. Timapaketito timafika m'makomo cha mu January, ndipo ambiri amafesa sabata yomweyo n'kuika miphika panja, chifukwa njere zambiri za m'mapiri sizimera zisanadutse m'chisanu.