Ku Ghana firiji yakale idasanduka kuponi

M'chaka cha 2012 boma la Ghana lidauza nzika zake kuti aliyense amene ali ndi firiji yakale, bola ikhale yoti ikulirabe, apite nayo kusitolo akamuchotsere mtengo pa yatsopano. Wosankha firiji ya nyenyezi ziwiri ankalandira kuponi ya ma cedi 150, wa nyenyezi zitatu kapena kuposerapo ankalandira ya 200. Nyenyezizi zimakhala pa chipepala chachikasu chomatidwa pachitseko cha firiji. Zikachuluka ndiye kuti firijiyo imadya magetsi ochepa. Ntchitoyi ankayendetsa a bungwe la Energy Commission mothandizidwa ndi UNDP ndi thumba la Global Environment Facility.

Si kuti boma lidangodzuka ndi mtima wopatsa. M'zaka za 2006 ndi 2007 madzi adaphwa kwambiri m'damu la Akosombo pa mtsinje wa Volta, magetsi nayamba kuperekedwa mosinthanasinthana. Mu 2007 boma lidagawa ulere mababu osadya magetsi okwana 6 miliyoni, ndipo magetsi ofunika nthawi yamadzulo adatsika ndi mamegawati 124. Mphamvu imeneyi ikungotsala pang'ono kufanana ndi ya siteshoni yonse ya Kapichira, ija tidailira mphepo yamkuntho ya Ana itaononga damu lake mu Januwale 2022. Apa akuluakulu a ku Accra adaona kuti kuchepetsa magetsi ongotayika m'nyumba za anthu n'kotchipa kuposa kumanga siteshoni ina.

Atathana ndi mababu, maso adagwera pa firiji. Babu timazimitsa pogona, ayironi timachotsa kukhoma tikatha kusita, koma firiji imalira usana ndi usiku chaka chonse. Mafiriji ambiri m'nyumba za ku Ghana adali a kaunjika, otayidwa ku Ulaya, makamaka ku Britain, olowera pa doko la Tema. Adapangidwira maiko ozizira, mphira wapachitseko adatha kalekale, ndiye pa kutentha kwa ku Accra injini yake siinkapuma. Akatswiri atayeza adapeza kuti firiji yotere inkamaliza mayunitsi pafupifupi 1,200 pachaka, pomwe yatsopano ya nyenyezi siinkafika ngakhale pa theka la amenewa. Banja losauka linkagula yakaleyo chifukwa ndi yomwe thumba lidakwanitsa tsiku limenelo, kenaka n'kumailipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kudzera pa bilu, osadziwa. Zimandiwawa kuti wochepekedwa ndiye amalipira kwambiri pa kapu yomweyo ya madzi ozizira.

Kuponi payokha siidafike patali. Mafiriji omwe adasinthidwa adangopitirira pang'ono 10,000, m'dziko la anthu oposa 25 miliyoni. Ma cedi 200 adali kachigawo chabe ka mtengo wonse, ndipo zotsalazo munthu ankayenera kuzipeza yekha. Chomwe chidapatsa ndondomekoyi mano ndi zinthu ziwiri zomwe zidayendera limodzi nayo. Firiji yobwezedwayo siinkagulitsidwanso: ankaipopa mpweya wake woononga mlengalenga, kenaka n'kuiphwasula. Ikadapita kwa msuweni kumudzi, magetsi akadapitirira kutayika, kungosintha nyumba. Ndipo kuyambira mu 2013 boma lidayamba kukhwimitsa lamulo la mu 2008 loletsa kulowetsa mafiriji ogwiritsidwa kale ntchito, moti opezeka padoko ankalandidwa. Amalonda a kaunjika adadandaula kuti awaphera bizinesi, ndipo dandaulo lawo lidali ndi mutu, poti mabanja ambiri ankadyera momwemo.

Ku Mexico adachita zomwezi koma mokulira. Pakati pa 2009 ndi 2012 boma lidathandiza anthu kusintha mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba okwana 1.9 miliyoni. Akatswiri a zachuma Lucas Davis, Alan Fuchs ndi Paul Gertler atafufuza mabilu a mabanjawo adapeza kuti firiji yatsopano idatsitsa magetsi a pakhomo ndi 8 peresenti yokha, gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe zinkayembekezeka. Omwe adasintha makina oziziritsa m'nyumba adayamba kugwiritsa ntchito magetsi ochuluka kuposa kale, chifukwa makina atsopanowo ankawayatsa nthawi yaitali. Ena adasiya firiji yaing'ono n'kutenga yokulirapo.

Kwathu kuno nkhani ya makuponi si yachilendo, ndipo ESCOM idagawako mababu osadya magetsi zaka zapitazo. Komabe boma likadati lero liike ndalama pa mafiriji, ndikadafunsa kaye kuti zipita kwa yani, poti Amalawi ambiri nyumba zawo sizidalumikizidwe n'komwe ku magetsi. Poyambira pabwino ndi pamalire ndi m'sitolo: firiji iliyonse yolowa m'dziko izinena poyera mayunitsi omwe imadya pachaka, kuti mayi wogulitsa mafilizesi ku Ndirande kapena ku Area 25 aziona nambalayo asadatulutse ndalama.

Amene ali kale ndi firiji ya kaunjika ndi mita yolipiriratu angathe kuiyeza yekha. Azimitse china chilichonse m'nyumba pogona, alembe mayunitsi omwe ali pamita, m'mawa awerengenso. Akachulukitsa zomwe zapitazo kuti zikwane mwezi wathunthu, n'kuchulukitsanso ndi mtengo wa yunitsi imodzi, adziwa ndalama zomwe firijiyo ikumutengera.