Anathawa nkhondo, pambuyo pake anathawanso abale

NTENGO-WAMBALAME, Tsangano — Anthu a kuno safuna kuuzidwa kuti kuthawa n'chiyani. Ambiri anakakhala ku Ntcheu ndi ku Dedza mpaka mtendere wa 1992. Koma aliponso ena amene akathawa nkhondo amapeza ina m'nyumba mwawo. Amenewa ndi Asilamu amene amakondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo ena mwa iwo alemba mabuku ndi kujambula makanema ofotokoza moyo wawo.

Mmodzi ndi Diriye Osman, wobadwira ku Mogadishu, dziko la Somalia, mu 1983. Nkhondo itabuka, banja lake linathawira ku Nairobi, kenako ku London. Mu 2013 anatulutsa buku la nthano lotchedwa Fairytales for Lost Children, lokhala ndi zithunzi zojambula iye mwini. Nthanozo zikunena za anyamata ndi atsikana a ku Somalia amene ali pakati pa zinthu ziwiri: kunena zoona n'kutaya abale, kapena kukhala chete n'kumavutika mumtima. Mu 2014 bukuli linapata mphotho ya Polari ku Britain.

Wina ndi Parvez Sharma wa ku India, amene anasamukira ku America. Kanema wake wa 2007, A Jihad for Love, anamujambula m'maiko 12. Anthu ena m'kanemayo anabisidwa nkhope poopa kugwidwa kwawo.

Amene sanabise nkhope ndi imamu Muhsin Hendricks wa ku Cape Town. Iye anaphunzira Chisilamu ku Pakistan, ndipo mu 1996 anaulula poyera za moyo wake. Pambuyo pake anatsegula mzikiti ku Wynberg wolandira okanidwa kwina, pansi pa bungwe la Al-Ghurbaah, dzina lotanthauza alendo. Atsogoleri ambiri a Chisilamu anatsutsa chiphunzitso chake. Pa 15 Febuluwale 2025 anthu obisa nkhope anamuwombera ali m'galimoto ku Gqeberha, nafera pomwepo.

Nkhaniyi siili kutali ndi ife. Kuno ku Mozambiki lamulo la atsamunda limene linkaopseza anthu oterewa linatha mu 2015. Kutsidya kwa malire zinthu n'zosiyana. Mu 2010 bwalo la ku Blantyre linagamula Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza zaka 14 m'ndende, Pulezidenti Bingu wa Mutharika nawakhululukira. Tiwonge anathawira ku Cape Town. Mu 2024 bwalo lalikulu la ku Malawi linakana kuchotsa lamulolo.

Motero munthu yemweyo ndi mfulu ku Tsangano, koma akangodutsa msewu kulowa ku Ntcheu akhoza kumangidwa. Inu amene ana anu amapita ku Joni, dziwani kuti si onse apaulendo amene akuthawa njala. Ena akufuna malo oti apemphere popanda kubisa nkhope.