Cifukwa cake tikukana zopitikitsa alendo mwacigulu

Abale ndi alongo a m'mipingo ya kuno kwa a Nsefu ndi m'cigwa conse ca Luangwa, masiku ano pa wailesi ndi pa mafoni timamva kawirikawiri za maiko amene akusonkhanitsa alendo, kuwakweza m'mabasi kapena m'ndeke ndi kuwabweza kwao onse pamodzi. Timamvanso kuti mipingo ndi mabungwe oona za ufulu wa anthu akudzudzula zimenezi. Ena mwa ife amadabwa, ndipo amafunsa kuti: kodi boma lilibe mphamvu yocotsa munthu amene analowa m'dziko popanda mapepala? Nanga mpingo ukulowererapo ciani?

Mphamvuyo boma lili nayo, ndipo ife sitikuitsutsa. Kuno ku Zambia lamulo la Immigration and Deportation Act la mu 2010 limalola boma kucotsa mlendo amene waphwanya malamulo a kalowedwe ndi kakhalidwe m'dziko. Cimene tikukana ndi kusesa anthu ngati gulu, cifukwa ca mtundu wao, cinenero cao kapena dziko limene anacokera, popanda kumva mlandu wa aliyense payekha. Ngakhale pa bwalo la mfumu, mbuzi ikadya cimanga ca mnansi, sapitikitsa mudzi wonse. Amaitana mwini mbuzi, namufunsa, naye nayankha.

Nkhaniyi si ya maiko akutali okha ai. Dziko lathu lomwe linapezekapo lolakwa. Pa 26 ndi 27 February 1992, boma la Zambia linacotsa m'dziko anthu 517 ocokera ku maiko a kumadzulo kwa Africa, ponena kuti anali kukhala muno popanda cilolezo. Ambiri a iwo anali atatsekeredwa kwa miyezi yoposa iwiri asanawacotse. Katundu wao anatsala, ndipo ena analekanitsidwa ndi mabanja ao. Bungwe lina la ku Senegal lochedwa RADDHO linatenga nkhaniyi ndi kukadandaula ku African Commission on Human and Peoples' Rights, komiti yoona za ufulu wa anthu mu Africa imene imakhala ku Banjul m'dziko la Gambia.

Boma linadziteteza ponena kuti silinasankhe mtundu, pakuti anthu amene linawacotsa anali a maiko osiyanasiyana. Komitiyo sinakhutire. Mu 1996 inagamula kuti Zambia inaphwanya pangano la ufulu wa anthu la mu Africa. Inavomereza kuti dziko lili ndi ufulu wobweza anthu okhala m'dziko mosaloledwa, koma inati anthu aja sanapatsidwe mpata wokaonekera ku khoti kuti aliyense afotokoze mbali yake. Pamenepo mpamene panagona mlandu. Mwina ena mwa anthu 517 aja analidi olakwa. Koma pamene palibe amene anamvedwa, ndani angatiuze kuti wolakwa anali uti, wosalakwa anali uti?

Pangano limene tikunenali, la African Charter on Human and Peoples' Rights, atsogoleri a Africa analivomereza ku Nairobi mu 1981, ndipo Zambia inalilandira mu 1984. Gawo 12 la panganoli limaletseratu kupitikitsa alendo mwacigulu, ndipo limanenanso kuti mlendo amene analowa mololedwa angacotsedwe pokhapokha patagamulidwa motsata lamulo. Amene analemba mau amenewa anali ataona zowawa ndi maso. Mu 1969 dziko la Ghana linalamula alendo opanda mapepala kuti acoke, ndipo anthu ambirimbiri, makamaka a ku Nigeria, ananyamuka mwadzidzidzi. Mu 1972 Idi Amin anapatsa Amwenye a ku Uganda masiku 90 okha kuti atuluke. Ndiye mu 1983 zinthu zinatembenuka: Nigeria nayo inapitikitsa alendo oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo a ku Ghana. Akuluakulu sananame kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Ife a kum'mawa kuno tiyenera kumvetsa msanga kuopsa kwa kusesa mwacigulu, cifukwa tsache silisankha. Malire a Zambia, Malawi ndi Mozambique anadula pakati pa anthu a mtundu umodzi. Caka ndi caka pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Katete, mafumu a Acewa ocokera ku maiko atatu onsewa amabwera kwa Kalonga Gawa Undi. Banda wa ku Mchinji ndi Banda wa ku Chipata simungawasiyanitse pa nkhope kapena pa kalankhulidwe. M'midzi yathu muli agogo ambiri amene anabadwira m'nyumba, opanda pepala lililonse losonyeza kumene anabadwira, ndipo ena citupa cao cinapsa ndi moto kapena cinapita ndi madzi pamene Luangwa anasefukira. Tsiku limene anthu adzayamba kugwidwa cifukwa cooneka ngati alendo, agogo amenewa adzadziteteza ndi ciani?

Zoterezi zinacitikapo ngakhale kwa anthu ochuka. Mu 1994 boma linatengera a William Banda ndi a John Chinula, onse akuluakulu a cipani ca UNIP, ku Malawi, ponena kuti sanali nzika za Zambia. A Chinula anamwalirira komweko mu 1998. Komiti ya ku Banjul ija inagamulanso mu 1999 kuti ufulu wa anthu awiriwa unaphwanyidwa. M'caka comweco khoti lalikulu ku Ndola linanena kuti a Kenneth Kaunda, amene analamulira dziko lino zaka 27, sanali nzika, cifukwa makolo ao anacokera ku Nyasaland. Ciweruzo cimeneco sicinakhalitse, koma taganizani: bambo ao, a David Kaunda, anabwera ku Lubwa kudzaphunzitsa ndi kulalikira Uthenga Wabwino. Kuno kwa Akunda nakonso amene anayambitsa misoni ya Anglican ku Msoro anali wansembe Leonard Kamungu, wocokera ku mbali ya nyanja ya Malawi, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Ngati zinatheka kwa mtsogoleri wa dziko, kwa mlimi wa thonje wa ku Nsefu zingavute bwanji? Ku South Africa, pa ziwawa zolimbana ndi alendo za mu May 2008, anthu 62 anaphedwa, ndipo 21 mwa iwo anali eni dziko.

Tsono pali gulu lina limene lamulo limaliteteza mwapadera, ndilo la othawa nkhondo ndi cizunzo. Pangano la United Nations la mu 1951, pangano la maiko a Africa la mu 1969, ndiponso lamulo lathu la Refugees Act la mu 2017, onse amagwirizana pa mfundo imodzi: munthu wothawa asabwezedwe kumene moyo wake kapena ufulu wake uli pangozi. Vuto ndi lakuti wothawa nkhondo sayenda ndi cizindikiro pamphumi. Nthawi zambiri amafika wopanda pasipoti, monga mmene amafikira wofuna ganyu. Njira yokha yowasiyanitsira ndiyo kukhala pansi ndi kumva nkhani ya aliyense. Pamene anthu akwezedwa m'lole onse pamodzi, mpata umenewo palibe, ndipo ena amaperekedwa m'manja mwa anthu omwe anawathawa.

Akuluakulu pakati pathu akukumbukira kuti cigawo cathu cinasonyezapo njira ina. Pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa FRELIMO ndi RENAMO, anthu a ku Tete anathawira m'midzi ya m'malire ku Petauke, Katete ndi Chadiza, ambiri kwa acibale ao. Sinali nthawi yofewa. Zigawenga zinali kuwoloka malire ndi kupha anthu a ku Zambia, ndipo panali cifukwa cokwanira cakuti anthu akwiye ndi kunena kuti onse abwerere kwao. Koma boma silinawabweze ku nkhondo. Mu 1987 linatsegula malo a Ukwimi, kumene othawawo anapatsidwa minda, ndipo bungwe la mipingo la Lutheran World Federation linagwira nchito yaikulu kumeneko. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu aja anabwerera kwao mwadongosolo mu 1994, ndipo Ukwimi anatsala m'manja mwa alimi a ku Zambia, ndi masukulu ndi zitsime zake. Mlendo ndi mame, koma mame amakamuka okha dzuwa likatuluka. Pambuyo pake, pamene anthu a ku Angola analeka kuwerengedwa ngati othawa nkhondo mu 2012, Zambia inali italonjeza kale kupereka cilolezo cokhazikika kwa anthu 10,000 mwa iwo, makamaka a ku Meheba ndi Mayukwayukwa, kumene ambiri anabadwira.

Tikayang'ana kwa anansi athu ku Malawi tikuona cithunzi cina. Mu May 2023 apolisi ndi asilikali anayamba kugwira othawa kwao amene anali kukhala ndi kucita malonda m'matauni, kuti onse abwerere ku msasa wa Dzaleka ku Dowa. Ku Lilongwe anthu mazanamazana, ana ali m'gulu, anayamba atsekeredwa ku ndende ya Maula. Masitolo ao anatsekedwa, ana anasiya sukulu pakati pa caka. Msasa wa Dzaleka unakonzedwa kuti uzisunga anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma panthawiyo unali kale ndi anthu oposa 50,000. Bungwe la UNHCR ndi la Human Rights Watch anadzudzula mcitidwewu. Sitikuchula izi kuti tinyoze abale athu a ku Malawi, amene anasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi pa nthawi ya nkhondo ija. Tikungoonetsa kuti ngakhale dziko la mtima wabwino lingathe kutembenuka msanga pamene cuma cavuta ndipo anthu akufuna womuloza cala.

Madandaulo a eni dziko nawo ndi enieni. Nchito ndi zocepa, mankhwala m'cipatala amatha, minda ya m'cigwa muno tikulimbirana kale ndi njovu. Palinso anthu oipa amene amadya ndalama pozembetsa anzao. Mu December 2022 mitembo 27 ya anthu amene akukhulupiriridwa kuti anali a ku Ethiopia inapezeka itatayidwa ku Ngwerere, pafupi ndi Lusaka. Ozembetsa anthu otere agwidwe ndi kulangidwa, ndipo mpingo usawabise. Koma onani kuti pa nkhani imeneyi alendo ndiwo anafa. Pamene anthu aopa kuti akaonekera kwa akuluakulu a boma adzabwezedwa osamvedwa, amabisala m'malole otsekedwa, ndipo wozembetsa ndiye amalemera.

Nanga mpingo wa kumudzi ungaciteponji? Mlandu wa anthu 517 uja unamveka cifukwa panali anthu amene anasunga ciwerengero ndi masiku, nakadandaula pamalo oyenera. Ifenso tikaona munthu wa m'dera lathu atagwidwa pa nkhani ya mapepala, akulu a mpingo alembe dzina lake, tsiku, ndi kumene wapita naye, ndipo adziwitse acibale ake. Ngati akunena kuti anathawa nkhondo kapena cizunzo, nkhani yake ndi ya ofesi ya Commissioner for Refugees, imene ili pansi pa unduna wa Home Affairs, ndipo tili ndi ufulu wopempha kuti ifike kumeneko asanamubweze. Bungwe la Human Rights Commission limalandira madandaulo kwaulere, ndipo Legal Aid Board imathandiza amene alibe ndalama za loya. Amai a cigwirizano amene amayendera andende ku Chipata afunseko ngati muli alendo amene akungodikira kubwezedwa, pakuti oterowo nthawi zambiri alibe wowabweretsera ngakhale sopo.

Cina cili pa ife tomwe. Acinyamata onse amene akwanitsa zaka 16 akatenge citupa, ndipo agogo amene cao cinatayika tiwaperekeze ku boma la Mambwe, pamodzi ndi anyakwawa amene angawacitire umboni. Andale akabwera kudzapempha mavoti m'dera lathu la Malambo, wina akayamba kunena kuti mavuto athu onse abwera ndi alendo, tiimirire mwaulemu ndi kumufunsa kuti achule mlendo wake ndi mlandu wake.