Kudzutsa njinga yamoto yakale: woyamba kumene ayambire pati?

M'makomo ambiri kuno kunyanja, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, muli njinga zamoto zimene zidaleka kuyenda kalekale. Ina ili kuseri kwa nkhokwe, ina yatsamira khoma m'chipinda chosungira maukonde, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Zambiri ndi za ku Japan, za Honda, Yamaha kapena Suzuki, zonga zija tinkaona alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akukwera m'zaka za m'ma 1980. Tsopano popeza kabaza wa njinga zamoto wadzaza m'misewu ya Mangochi ndi Salima, anyamata ayamba kuziyang'ana njingazi ndi diso lina, ndipo makolo ambiri afunsidwapo kale kuti, "Bambo, bwanji njinga ija ndiidzutse?"

Funsoli ndi labwino ndipo ife sitikuletsa. Koma tiyeni tidziwiretu pamene ntchito yotereyi imafera. Kawirikawiri siifera m'injini ayi, imafera m'matumba. Mnyamata amabwereka masipanala Loweruka m'mawa, pofika madzulo wamasula chilichonse chimene chikadamasuka. Pakapita miyezi itatu njinga yonse ili m'matumba awiri a feteleza, mabawuti asakanikirana, zina ana atola n'kukaseweretsa kumchenga, ndipo ndalama imene mayi adatapa pa geni yawo ya usipa yathera pa penti ndi magalasi. Njinga yoima yathunthu imagulitsika. Njinga ya m'matumba imagulidwa pa sikelo ngati zitsulo zakutha.

Mwini wake ndani?

Sipanala isadagwire bawuti loyamba, pali funso la umwini. Ngati njingayo idali ya malemu, imeneyo ndi gawo la chuma cha masiye, ndipo tonse tikudziwa kuti olowa m'chumacho, amuna ndi akazi omwe, ali nalo gawo lawo lodziwika. Banja likhale pansi, njingayo iikidwe mtengo mmene ilili lero, ndipo wofuna kuikonza agwirizane ndi abale ake pamaso pa mboni. Zikapanda kutero, tsiku limene njinga idzalire ndi tsiku lomwenso mkangano udzayambe, pakuti chitsulo chadzimbiri sichikhala ndi mwini koma chikayamba kuyenda eni ake amachuluka.

Ngati mukuchita kugula, funsani bulu buku. Nambala ya felemu idadindidwa pakhosi pa njinga, pamene pamalowa chiwongolero, ndipo nambala ya injini ili m'munsi pa thupi la injiniyo. Zonse ziwiri zifanane ndi zolembedwa m'bukumo. Mukaona kuti nambala idapalidwa kapena idadindidwanso, tembenukani muzipita, ngakhale mtengo utsike bwanji. Ndipo ngati buku lidatayika, pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafunse njira yake musadaononge tambala iliyonse pa masipeya.

Njinga imene imakhululukira wophunzira

Si njinga yakale iliyonse imene ili yoyenera munthu woyamba. Pali BSA Bantam, imene inkapangidwa ku Birmingham kuyambira 1948 mpaka 1971. Ndi yokongola ndithu, koma mabawuti ake ndi a muyeso wakale wa ku Britain umene masipanala athu a mamilimita sagwira bwino, ndipo sipeya iliyonse muyenera kuitanitsa kunja. Imeneyo isiyireni amene adazolowera. Pali Yamaha AG100 ndi DT125, njinga zolimba m'mchenga, zimene injini yake imawotcha petulo pamodzi ndi oyilo wake wapadera. Zimenezi n'zosavuta kumasula, koma zikakhalitsa osayenda malabala otseka m'mbali mwa injini amauma, ndipo ikamaba mpweya kudzera pamenepo imavutitsa munthu wosadziwa chimene akufufuza.

Ife tikadafunsidwa tikadasankha Honda CG125, ndipo mbiri yake yomwe ndiyo chifukwa chathu. M'chaka cha 1974 kampani ya Honda idatumiza akatswiri ake awiri kukayendera maiko monga Thailand, Indonesia, Iran ndi Pakistan kuti akaone mmene anthu wamba amagwiritsira ntchito njinga zamoto. Zimene adaona sizingatidabwitse ife. Adapeza njinga imodzi itanyamula bambo, mayi ndi ana, ndiwo zamasamba ndi nkhuku zili lendelende m'mbali. Adapeza oyilo wosasinthidwa mpaka adasanduka phala lakuda, sefa ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, matcheni atatamuka mpaka polekezera. Anthu ankapita kwa makaniko pokhapokha njinga ikaima. Njinga za Honda za nthawi imeneyo zidali ndi kachitsulo kotsegula mavalavu pamwamba penipeni pa injini, kutali ndi oyilo, ndipo oyilo akada kachitsuloko kankadyeka msanga.

Tsono m'malo mophunzitsa dziko lonse kusintha oyilo, akatswiriwo adasintha injini. Kachitsulo kaja adakatsitsira m'munsi, pafupi ndi oyilo, kuti kazikankha mavalavu onse awiri kudzera pa timitengo tiwiri tachitsulo. Sefa ya mpweya adaipanga ya siponji yochapika. Njingayo idatuluka mu 1975, ya silinda imodzi, ya 124cc. Mu 1976 idayamba kupangidwa ku Manaus m'dziko la Brazil, ndipo ku Pakistan kampani ya Atlas Honda ikuipangabe mpaka lero. Mafakitale a ku China nawo adatengera injini yomweyi, kotero kuti njinga zambiri za kabaza zimene mukuziona pa depoti zili ndi injini ya mtundu wa CG ngakhale dzina pa thanki ndi lina. Phindu lake kwa ife ndi lakuti pisitoni, maringi, magasiketi ndi makebulo zimapezeka m'mashopu a masipeya ku Limbe, ku Ndirande, ku Malangalanga ku Lilongwe, ngakhalenso pa boma pa Mangochi. Koma chenjerani: zofanana si zimodzi. Popita kukagula nyamulani chakalecho, mukachiike pambali pa chatsopano, muyerekeze mabowo ndi utali musadapereke ndalama.

Imveni kaye isadamasulidwe

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Njinga iyenera kukuuzani matenda ake ikadali yathunthu. Itsukeni ndi palafini ndi burashi, muijambule ndi foni mbali zonse, makamaka mmene mawaya ndi makebulo adadutsira. Kenaka chotsani pulagi, muthire oyilo wodzaza supuni yaing'ono pabowopo, ndipo mukankhe kiki pang'onopang'ono ndi dzanja. Ikazungulira, thokozani, theka la nkhawa latha. Tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu wina aponde kiki: mpweya ukakankha chalacho mwamphamvu ndiye kuti pisitoni ndi mavalavu zikadali ndi moyo.

Ikakana kuzungulira, pisitoni yagwirana ndi silinda chifukwa cha dzimbiri, chinthu chosasowa kuno kumene chinyezi cha nyanja chimalowa paliponse. Musalumphire pa kiki ndi thupi lonse, muthyola za m'kati zimene zidali zabwinobwino. Thirani dizilo pabowo la pulagi, muisiye sabata yathunthu, kenaka muilowetse giya yapamwamba ndi kumaigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo. Ikakanabe onjezani dizilo mudikirenso. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Injini yozungulira imafuna zinthu zitatu kuti ilire: mpweya wopanikizika, moto ndi petulo. Moto mumauyesa pogunditsa pulagi ku thupi la injini uku mukuponda kiki, kutali ndi petulo. Uyenera kuthetheka wabuluu. CG yakale imatenga moto umenewu ku magineto, kotero musathamangire kugula batire. Zoyambirira zidali za mavoti 6 ndipo zili ndi mapoyinti, amene mpata wake ndi pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm; kawirikawiri kungowapala pang'ono ndi sandipepa wosalala moto umabwerera. Zapambuyo pake ndi za mavoti 12 ndipo zambiri zilibe mapoyinti. Pulagi yake ndi NGK D8EA. Mpata wa mavalavu onse awiri ndi 0.08 mm injini ili yozizira, ndipo timapeni toyezera mipata timeneti ndi totsika mtengo kuposa valavu imodzi yopsa.

Oyilo wakale atuluke injini isadalire ngakhale kamodzi. Imalowa pafupifupi lita imodzi. Kumanzere m'munsi kuli chitsekerero chachikulu chimene kuseri kwake kuli sipuling'i ndi kasefa ka waya. Katsukeni, ndipo muone ngati muli tizidutswa tachitsulo. Tikachuluka, imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa, osati ya pansi pa mtengo wa mango.

Thanki ndi kabuleta

Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku nzimbe, ndipo fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikumupanga kuyambira 1982. Ethanolo amakoka madzi a mumpweya, tsono petulo akagona m'thanki zaka zambiri madziwo amakhala pansi n'kudya chitsulo. Amaumitsanso timapaipi talabala takale. Chotsani thanki, muikemo manati odzaza dzanja ndi palafini, muikhutchumule mpaka mikono itope, mutsanule, mubwerezenso. Dzimbiri lotsala limachoka ndi viniga wogonamo masiku awiri, koma mukatero tsukani, muumitse padzuwa ndi kuthiramo petulo tsiku lomwelo, apo ayi dzimbiri libwerera. Thanki ikakhala yobooka, musaiyandikize ku moto wowotcherera ngakhale ikuoneka youma. Nthunzi ya petulo imakhalira m'kati, ndipo yapundula amisiri ambiri.

Kabuleta imaopsa maso chabe. Yalani nsalu yoyera, mumasule chimodzichimodzi, muike mwandondomeko kuchokera kumanzere kupita kumanja. Timajeti take ndi ta mkuwa wofewa, tili ndi timabowo tochepa ngati tsitsi. Musatokose ndi singano, mukulitsa bowo ndipo njinga idzamwa petulo ngati ng'ombe yaludzu. Tiviikeni m'petulo woyera, mupemerere ndi pampu ya njinga yakapalasa mpaka kuwala kuoneke mbali inayo. Ikani paipi yatsopano ndi kasefa kakang'ono pakati pa thanki ndi kabuleta.

Za zida sitichulutsa. Masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, sipanala ya pulagi, pulayazi ndi hamala yaing'ono zikwanira poyamba. Chimodzi chokha tikuchiumirira. Masikuluwu a njinga za ku Japan amaoneka ngati a mtanda wamba koma adadulidwa mosiyana pang'ono, ndipo ena ali ndi kadontho pamutu kosonyeza zimenezi. Sikuludilaiva wamba amaterereka n'kuphwanya mutu. Gulani kapena bwerekani uja womenya ndi hamala. Ndipo sonkhanitsani zitini za mkaka ndi mabotolo odula, chilichonse chilembedwe: za kabuleta, za gudumu lakumbuyo, za nyale. Gawo limodzi limasulidwe, likonzedwe, libwerere pamalo pake, kenaka mugwire lina.

Kuima n'kofunika kuposa kuthamanga

Tsiku limene injini ilira mudzi wonse umasonkhana, ndipo mnyamata amafuna kuthamangira kumsewu nthawi yomweyo. Inu makolo, apa ndi pamene muyenera kulimba mtima. Njinga imene yagona zaka 20 ili ndi mabuleki ogona zaka 20. Zikopa za mabuleki zidamatidwa ndi guluu ku chitsulo chake, ndipo chinyezi chimazimatula. Chikopa chikamatuka njinga ili paliwiro gudumu limagwira mwadzidzidzi. Sinthani zonse, kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi kebulo ya buleki. Fumbi la m'kati musaliuzire ndi pakamwa, pakuti zikopa zakale zambiri zidali ndi asibesitosi amene amaononga mapapo. Pukutani ndi nsalu yonyowa.

Matayala amanyenga. Mano akhoza kukhala athunthu koma labala lidauma ngati chikopa cha ng'oma. Matayala ambiri ali ndi manambala anayi m'mbali osonyeza nthawi imene adapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisadafike, ndipo malo ake ndi kopangira nkhwaira. Gogodani masipoko ndi sipanala. Lolira mosiyana ndi anzake lakhwefuka kapena ladyeka. Tcheni ndi magiya ake awiri zisinthidwe pamodzi, ndipo tcheni chikhale ndi mpata wosewera pafupifupi masentimita awiri. M'misewu yathu ya mchenga musachipake girisi wochuluka, chifukwa girisi ndi mchenga zikasakanikirana zimadya chitsulo ngati tupa.

Penti ndi yomaliza, ndipo ena a ife timaona kuti thanki yakale yongopukutidwa bwino, dzina la Honda likuonekabe mozilala, imakongola kuposa yopopera mwaphuma ndi penti wa m'chitini. Ndalama imeneyo ikadapita ku chipewa choteteza mutu, ku inshuwalansi ndi ku laisensi, zimene lamulo limafuna njinga isadaponde msewu wa boma.

Ulendo woyamba ukhale pa bwalo la mpira m'mawa ana asadadzaze, giya yoyamba ndi yachiwiri basi. Yesani buleki yakumbuyo payokha, yakutsogolo payokha. Mukazungulira mphindi 10 zimitsani, muike pepala pansi pa injini kuti muone ngati ikudontha, ndipo ikazizira mubwerezenso kumanga bawuti lililonse limene mudaligwira. Ngati mudaika maringi atsopano, makilomita 500 oyamba muyende mofatsa opanda katundu, kenaka musinthenso oyilo.