NDEGE, MAPIRI NDI NKHUNGU: MMENE WOYENDETSA AMAPHUNZIRIRA KUTERA

KAPHUKA, Dedza. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chafika pachimake, anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Kaphuka amadzuka m'mawa napeza phiri la Chongoni litasowa. Nkhungu imakuta phiri, mitengo ndi madimba omwe, kotero kuti munthu wopita kukakumba mbatata ya kachewere satha kuzindikira mnzake amene ali patsogolo pake pang'ono. Koma ngakhale m'mawa wotere mkokomo wa ndege umamveka kumwamba, pakuti njira ya ndege zoyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe imadzera cha kuno. Ana a sukulu amakweza maso osaona kanthu, ndipo funso limene amafunsa aphunzitsi awo ndi loyenera kuliyankha bwino: ngati a pansi pano sakuliona phiri, nanga woyendetsa ndegeyo akuliona bwanji?

Yankho lake nlakuti iyenso saliona. Chimene chimamsunga iye ndi anthu amene wawanyamula ndicho chiwerengero, mawotchi a patsogolo pake, ndi lamulo limodzi limene analiphunzira ali pansi, m'makina ofanizira ndege otchedwa simyuleta.

CHIWERENGERO CHA KUTSIKA

Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa mu 1983, lili pamtunda wa mamita 1,230 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo msewu wake wothamangapo ndege unaloza chakum'mwera cha kum'mawa, kumene kuli mapiri a Dedza. Nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198, ndiko kunena kuti inaposa bwalolo ndi mamita pafupifupi 1,000. Ndege yaikulu siitsika mwachisawawa ayi. Imatsata mzere wopendekeka madigiri 3, ndipo pa kilomita iliyonse imene yapita patsogolo imatsika mamita 52. Mphunzitsi wa masamu angathe kupatsa ana ake ntchito imeneyi pa bolodi: ndege ikatsala ndi makilomita 10 iyenera kukhala mamita 520 pamwamba pa bwalo, ndipo ikakhala pamwamba pa Dedza, pamtunda wa makilomita ngati 90, imakhala idakali kutali kwambiri ndi nsonga ya phiri. Chifukwa chake anthu a kwa Kaphuka amangomva mkokomo wa patali.

Vuto limayamba pamene ndege yafika pafupi ndi nthaka. Pamabwalo akulu pali zipangizo za wailesi zimene zimaonetsa woyendetsa ngati wapatukira kumanja kapena kumanzere, ngati wakwera kwambiri kapena watsikitsa. Pozitsata iye angathe kutsika m'kati mwa mtambo kufikira atatsala mamita 60 okha, ndipo pamenepo ayenera kusankha. Akaona nyali za msewu, atera. Akapanda kuziona, awonjezera mphamvu ya injini nakweranso kumwamba, kuti ayesenso kapena apite kubwalo lina. Ndege ya mtundu wa Boeing 737 pofika pamenepa imathamanga makilomita ngati 250 pa ola, ndipo kuchokera pa mamita 60 kufika pansi sipapita masekondi 20. Nthawi yokambirana kapena yofunsa nzeru palibe. Kampani ya Boeing, imene imawerengera ngozi za ndege zazikulu chaka ndi chaka, yakhala ikusonyeza kuti pafupifupi theka la ngozi zopha anthu limachitika pa kanthawi kakafupi ka kuyandikira bwalo ndi kutera.

BOKOSI LA BAMBO LINK

Popeza zinthu zotere siziphunzirika bwino ndi anthu ali m'ndege, panafunika njira yophunzirira pansi. Mu 1929 Edwin Link wa ku Binghamton, m'dziko la America, anapanga bokosi lokhala ndi mpando ndi mawotchi a ndege, limene linkapendekeka ndi mphamvu ya mivukuto yonga ija ya m'malimba a m'tchalitchi, pakuti atate wake anali ndi fakitale yopanga malimba. Poyamba anthu analiyesa choseweretsa. Koma mu 1934, oyendetsa ndege za asilikali angapo atafa ponyamula makalata usiku ndi m'nyengo yoipa, ankhondo a dzikolo anagula mabokosi 6, ndipo pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse oyendetsa ndege oposa 500,000 anaphunzira m'mabokosi a Link. Wophunzira ankamtsekera chivindikiro kuti asaone kunja, ndipo phunziro lake linali limodzi: kukhulupirira mawotchi koposa thupi lake, chifukwa m'mtambo thupi limanama, ndipo munthu amayesa kuti wawongoka pamene ndege ili chipendekere.

Makina a lero ndi chipinda chenicheni cha woyendetsa, choimikidwa pa miyendo 6 yotalika ndi kufupika, ndipo pa mazenera ake kompyuta imaonetsa mapiri, mizinda ndi nyali za bwalo lililonse. Mphunzitsi amakhala kumbuyo. Iye angathe kuzimitsa injini imodzi, kugwetsa mvula yamkuntho, kapena kubisa msewu ndi nkhungu panthawi yeniyeni imene wophunzira akuti atere. Wolakwa amaomba phiri, makina naima, ndipo onse amatuluka amoyo kukakambirana chimene chinalakwika. Oyendetsa ndege zonyamula anthu amabwerera m'makinawa kawirikawiri, ambiri miyezi 6 iliyonse, ngakhale akhale ndi imvi pantchitoyo. Kampani ya Ethiopian Airlines, imene ili ndi magawo 49 pa 100 a Malawi Airlines pamene Boma la Malawi lili ndi 51, ili ndi sukulu ya makina otere ku Addis Ababa.

MABWALO OTCHUKA NDI KUVUTA

Pali mabwalo ena padziko lapansi amene mayina awo amatchulidwa mwaulemu pakati pa oyendetsa ndege. La Paro, m'dziko la Bhutan, lili m'chigwa chopapatiza cha mapiri a Himalaya, pamtunda woposa mamita 2,200. Munthu wa kwa Kaphuka angamvetse bwino ataganiza kuti bwalo lonselo lili pamwamba pang'ono kuposa nsonga ya phiri la Dedza, ndipo mapiri olizinga amafika mamita 5,500. Ndege imakhotakhota motsata chigwa, msewu nuonekera kumapeto kwenikweni. Kumeneko amatera masana okha, ndipo ololedwa kutero ndi owerengeka.

La Kai Tak ku Hong Kong linatsekedwa mu 1998, koma mbiri yake siinathe. Woyendetsa ankalunjika dala pa kaphiri kamene anakapaka utoto wa mabangamabanga ngati bolodi ya drafuti, ndipo atatsala pang'ono kukafika ankakhotera kumanja madigiri 47, ali pansi kwambiri pamwamba pa nyumba zosanja za Kowloon, kenaka nkuwongola ndege ndi kutera.

La pachisumbu cha Madeira, cha dziko la Portugal, lili pakati pa phiri ndi nyanja, ndipo mphepo yotsika m'phirimo imakankha ndege mosayembekezeka. Pa 19 November 1977 ndege ya Boeing 727 inalephera kutera kawiri chifukwa cha mvula. Poyesa kachitatu inagunda pansi itapitirira kale gawo lalikulu la msewu, nipyola kumapeto, ndipo anthu 131 mwa 164 anafa. M'chaka cha 2000 msewuwo anautalikitsa pouimika pa mizati 180 ya konkire, komabe kufikira lero akapitawo a ndege amayamba alandira maphunziro apadera asanaloledwe kuterako. Nkhani ya Madeira imaphunzitsidwa kwambiri chifukwa imaonetsa mdani amene sali kunja kwa zenera: mtima wofuna kufika basi, popeza ulendo watha kale ndipo anthu akudikira.

MAPIRI NDI CHIPERONI ZA KUNO KWATHU

Mabwalo a m'Malawi sali pa mndandanda wa oopsa chotero, komabe ali ndi zovuta zawozawo. Chileka ili pafupi ndi phiri la Michiru, ndipo msewu wake ndi waufupi pouyerekeza ndi wa ku Lumbadzi. Lilongwe ndi Mzuzu zili pamtunda, kumene mpweya ndi wopepuka, makamaka m'mwezi wotentha wa October. Mu mpweya wotere mapiko sagwira bwino, kotero ndege imatera ikuthamanga kwambiri ndipo imafuna msewu wautali kuti iime. M'dzinja muli mitambo ya mabingu imene ndege iliyonse imaizungulira. Ndipo m'chisanu muli chiperoni, mvula yowaza ndi mitambo yotsika yochokera ku Nyanja ya Mchere ya India, imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Mitambo yotere imagona pamapiri a Mulanje, Dedza ndi Viphya masiku angapo osachoka.

Mtundu wonse unaona kuopsa kwa nyengo imeneyi pa 10 June 2024. M'mawa wa tsikulo ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Mzuzu, itanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Dr Saulos Chilima, amene ankapita ku maliro a Bambo Ralph Kasambara. Monga Boma linalengezera panthawiyo, ndegeyo siinathe kutera ku Mzuzu chifukwa kunja sikunkaoneka. Tsiku lotsatira inapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 amene anali m'menemo anatisiya. Akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, m'lipoti lawo la 2025, anati ndegeyo inkayenda modalira maso, inalowa m'mitambo ili pansi, niomba mtunda wokwera. Anapezanso kuti inalibe makina osunga mawu a oyendetsa ndi mbiri ya ulendo. Inali ndege yaing'ono poyerekeza ndi zonyamula anthu ambiri, koma phiri silisankha kukula kwa ndege kapena ulemu wa amene akwera.

Ngozi za mtundu umenewu, zakuti ndege yabwinobwino ilunjika paphiri oyendetsa osadziwa, ndizo zinachititsa kuti kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ndege zazikulu ziikidwe chipangizo chochenjeza nthaka ikayandikira. Cha masiku ano chimasunga mapu a mapiri onse, ndipo chimafuula ndi mawu a munthu. Mu simyuleta wophunzira amazolowezedwa kuti akangomva mawuwo akweze ndege pomwepo, mafunso pambuyo.

ZA ACHINYAMATA NDI MAKOMPYUTA AWO

Simyuleta yafikanso m'manyumba. Pulogalamu ya Microsoft Flight Simulator inayamba mu 1982, ndipo imene inatuluka mu 2020 inajambula dziko lonse lapansi potsata zithunzi za setilaiti, kotero kuti mnyamata kapena mtsikana wokhala ndi kompyuta yamphamvu angathe kunyamuka pa Chileka, kudutsa pamwamba pa Dedza, ndi kutera ku Lumbadzi ali pampando. Anthu okonda zimenezi m'maiko ambiri amapikisana kutera ku Paro, ku Madeira ndi ku Kai Tak, amene m'makompyuta akadali wotsegula. Phindu lake lilipo, pakuti wosewerayo amaphunzira mapu, nyengo, masamu ndi Chingerezi cha pa wailesi, ndipo aphunzitsi sayenera kuchinyoza.

Komabe pali kusiyana kumene ayenera kukufotokoza. Wosewera amatamandidwa akatera povuta, ndipo akagwa amangoyambanso. Woyendetsa weniweni amayesedwa pa china. Makampani ambiri amalamula kuti ndege ikafika mapazi 1,000 kuchokera pansi ili m'mtambo, liwiro, njira ndi katsikidwe zikhale zitakhazikika, apo ayi woyendetsa akwerenso, ndipo sapatsidwa mlandu chifukwa chotero. Wophunzira amene akakamira kutera pamene zinthu sizinalongosoke amalephera mayeso, ngakhale matayala agunde pansi mofewa.

CHIMENE APAULENDO AYENERA KUDZIWA

Nkhaniyi ikukhudzanso ogwira ntchito m'Boma, amene ambiri a iwo amakwera ndege kupita kumisonkhano. Zimachitika kuti ndege yatsala pang'ono kutera, mwadzidzidzi injini zibangula, ndege nikweranso, ndipo mwina ulendo wa ku Blantyre uthera ku Lilongwe. Ena amadandaula kuti achedwa, ena amati woyendetsayo ndi wamantha. Kunena zoona, iye wachita chenicheni chimene anachibwereza nthawi zambiri m'makina aja. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo wantchito wokonza ulendo wa bwana wake achita bwino kusiya nthawi yokwanira m'miyezi ya chiperoni, kuti pasakhale womkakamiza woyendetsa kuti afike zivute zitani.

Boma nalo lili ndi mbali yake: zipangizo zotsogolera ndege pamabwalo ang'onoang'ono, malipoti a nyengo ofika msanga, makina osunga mawu, ndi ndalama zotumizira oyendetsa kumaphunziro nthawi ndi nthawi. Zonsezi ndi zodula, ndipo phindu lake silioneka ndi maso, chifukwa ngozi imene yapewedwa siilembedwa m'nyuzipepala. Mwana wa kwa Kaphuka amene wamva mkokomo m'nkhungu angauzidwe tsono kuti munthu ali kumwambayo akuwerenga mamita, ndipo akafika pa 60 osaona nyali, abwerera.