Magazi m'chimbudzi akakana kutha

Pakati pa Amalawi okhala ku Elsburg, m'mbali mwa Germiston, amene ambiri amalawirira ku mafakitale a ku Wadeville, munthu akaona magazi m'chimbudzi amangoti ndi kamwazi, apo ayi ndi mudzi. Amapempha Flagyl kwa mnzake, n'kumwa. Nthawi zina amachiradi. Koma alipo ena amene mwezi umatha, wina n'kutha, akuthamangirabe kuchimbudzi usiku ndi usana, kukatuluka magazi ndi zonanda ngati mamina, thupi likungotha.

Ena mwa anthu otere amakhala ndi matenda amene madokotala amawatchula kuti ulcerative colitis. Apa palibe tizilombo tochokera m'madzi kapena m'chakudya. Chitetezo cha m'thupi ndicho chimaukira matumbo aakulu, kuyambira kumunsi kotulukira chimbudzi n'kumakwera, mpaka m'kati mwake mutachita zilonda. M'bale wa matendawa ndi matenda a Crohn. Onsewa sachizika ndi mapiritsi, koma amagonja, munthu n'kubwerera kuntchito.

Mankhwala oyambira ndi sulfasalazine, amene dokotala wa ku Sweden, Nanna Svartz, anawapanga cha m'ma 1940, komanso mesalazine. Sulfasalazine amasandutsa mkodzo kukhala wachikasu kwambiri, ndipo kwa abambo amachepetsa mbewu ya umuna, ngakhale imabwerera akasiya kumwa. Zilonda zikakhala kumunsi kwenikweni, mesalazine wolowetsa kumalo kotulukira chimbudzi pogona amathandiza kuposa wakumwa, chifukwa amakafika pa bala penipeni. Ambiri amachita nawo manyazi n'kuwasiya m'kabati, chonsecho ndiwo mankhwala ofatsa kwambiri pa onsewa.

Matenda akavuta pamabwera prednisone. Mphamvu ya mankhwala amtunduwu inatsimikizidwa ku Oxford mu 1955 ndi Truelove ndi Witts. Amagwira ntchito msanga, n'chifukwa chake anthu amawakonda mopitirira. Munthu akakhalitsa nawo nkhope imatupa, shuga amakwera, mafupa amafooka. Dokotala amawachepetsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo; osawasiya mwadzidzidzi. Kenako pali azathioprine, amene amatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti ayambe kuthandiza ndipo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Pamwamba penipeni pali infliximab wa m'diripi ndi adalimumab wa jakisoni, okwera mtengo zedi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mankhwala onse amphamvuwa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, pomwe ife tikukhala m'dera lodzala TB. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi matenda a Crohn, moti ngakhale akatswiri amavutika kusiyanitsa. Infliximab amatha kudzutsa TB imene inagona m'thupi zaka zambiri, n'chifukwa chake madokotala amayamba ajambula chifuwa asanawapereke. Prednisone akapatsidwa kwa munthu wa kamwazi wa amoeba, matumbo amatha kubooka, munthu n'kutisiya. Ndiye palinso likodzo la m'matumbo. Wokulira m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota amuuze dokotala wa ku Joni za kwawo, pakuti iye sangaliganizire msanga, chikhalirecho praziquantel ndi wokwanira kulithetsa.

Choncho njira yake imayambira pakuyezetsa chimbudzi ndi magazi ku kiliniki. Kalata ikalembedwa, wodwala amapita ku chipatala cha Bertha Gxowa mu Germiston, ndipo zikafunika akatswiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke ku Johannesburg, kukaunikidwa matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense.

Wopezeka ndi ulcerative colitis apewe ibuprofen ndi diclofenac, chifukwa amatha kuwautsa. Magazi akasiya, mesalazine apitirizebe kumwa. Ndipo pokwera basi ya kumudzi mu Disembala, atenge mankhwala okwanira ulendo wonse pamodzi ndi kalata ya dokotala, pakuti si famase iliyonse kwathu imene angakawapeze.