Mutu 7: Katemera wogwira ntchito m'mimba mwa udzudzu

Anthu ambiri ku Ulongwe, ngakhale ophunzira amene, amakhulupirira kuti udzudzu umabadwa ndi malungo. Ayi ndithu! Udzudzu wa Anopheles umatuluka m'chithaphwi ulibe tizirombo. Umakatitenga kwa munthu. Ife ndife nkhokwe ya mbewu, udzudzu ndi wonyamula chabe.

Tiyeni tilondoloze bwino. Choyamba, tizirombo ta Plasmodium falciparum tikachuluka m'magazi, tina timasanduka tatimuna ndi tatikazi. Timeneti sitidwalitsa, timangodikira udzudzu. Ukatiyamwa, timakumana m'mimba mwake, ndipo pamapita masiku 10 kapena kuposerapo kuti ana a tiziromboti afike m'malovu a udzudzuwo. Kukazizira pamapita nthawi yaitali, moti udzudzu wambiri umafa usanapatsire munthu. Chisanu cha ku Angónia chimatithandiza pamenepa, koma chimatipusitsanso. Wogulitsa kachewere amatsikira ku Moatize kapena ku Tete, amagona kunja chifukwa cha kutentha, n'kubwerera kumudzi ali bwinobwino, tizirombo tili m'magazi. Dzinja likafika, udzudzu wa pakhomo umamuluma kenaka n'kuluma mwana. Nanga uja wosiya Coartem tsiku lachiwiri poti thupi lazizira? Nanga neti yomwe yakatchinga nkhuku pa nazale ya tomato?

Katemera amene mwamumva kale, RTS,S, yemwe adayesedwa ku Manhiça ndipo Malawi adayamba kubaya ana mu 2019, ndi R21, yemwe Mozambique idayambira ku Zambézia mu 2024, amateteza mwana wobayidwayo.

Katemera wogwira ntchito m'mimba mwa udzudzu ndi wosiyana. Munthu akabayidwa, thupi lake limapanga asilikali olimbana ndi tizirombo tatimuna ndi tatikazi tija. Udzudzu ukamuluma umameza zonse pamodzi, tizirombo ndi asilikali omwe, nkhondo n'kuchitikira m'mimba mwake. Umauluka, umaluma, koma mwayi wopatsira munthu wina umachepa kwambiri. Katemera wotere, Pfs230D1, adayesedwa ku Mali: ofufuza ankalumitsa udzudzu anthu obayidwa, patapita sabata n'kuung'amba kuti awerenge tizirombo tomwe tamera. Katemerayu sanavomerezedwe kuti afike m'zipatala.

Vuto lake nali: wobayidwayo akhoza kudwalabe malungo. Wopindula ndi mnansi wake, ndipo phindulo limaoneka pokhapokha anthu ambiri m'mudzi atabayitsa, akuluakulu omwe, chifukwa ambiri a iwo amayenda ndi tizirombo osadwala. Amfumu adzawauza chiyani abambo a ndevu zawo amene amati katemera ndi wa ana a kusikelo? N'chifukwa chake ofufuza akuyesa kumuphatikiza ndi R21, kuti jakisoni mmodzi ateteze mwini mkono ndi mnansi yemwe.